Anatitulutsa m'lesitilanti chifukwa ndinayamwitsa mwana patebulo

FUNSO: A Mkonzi, Loweruka lapitali ine ndi bambo a kunyumba tinapita ndi ana athu awiri kukadya pa lesitilanti ina ku Rosettenville. Wamng'ono, wa miyezi 8, atayamba kulira ndinamupatsa bere. Woperekera zakudya anandiuza kuti ndikayamwitsire kuchimbudzi. Titakana, manijala anati "anthu inu simudziwa kukhala pagulu," n'kutilozera chikwangwani cha pakhomo cholembedwa kuti Right of Admission Reserved. Tinalipira n'kutuluka chakudya chili pambale. Kodi lamulo la kuno ku Joni likuti chiyani?
Mayi wa ana awiri, Turffontein

YANKHO: Pepani kwambiri amayi. Kuchimbudzi si kodyera munthu, kaya wamkulu kaya khanda, ndipo ku South Africa kulibe lamulo loletsa mayi kuyamwitsa pagulu.

Chikwangwanicho, chimene chimatanthauza kuti mwini malo ali ndi ufulu wokaniza munthu kulowa, chimaopseza ambiri, koma mphamvu zake zili ndi malire. Mwini malo angathe kutulutsa woledzera, waphokoso kapena womenya anzake. Sangachigwiritse ntchito pochita tsankho. Ndime 8 ya lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, imaletsa wamalonda kusala munthu chifukwa cha mtundu, chiyankhulo, zaka, kukhala mkazi kapena kumene anachokera. Lamulo lothana ndi tsankho la 2000 limanenanso chimodzimodzi. Mawu oti "anthu inu" musawaiwale, chifukwa ndi amene angaonetse ngati vuto linali kulira kwa mwana kapena kuti anakumvani mukuyankhula Chichewa.

Komabe si kukanizidwa konse kumene kuli tsankho. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kukhala m'chigawo cha osuta fodya, ngakhale ali pamiyendo ya mayi ake, ndipo ndime 9 ya lamulo loteteza ogula lija imalola wamalonda kukaniza mwana ngati cholinga chili kuteteza thanzi kapena moyo wa mwanayo. Akakuchotsani kufupi ndi bala n'kukupatsani tebulo lina labwino, sanalakwe. Akapempha mwaulemu kuti mugwire mwana amene akuthamanga pakati pa matebulo pomwe pakudutsa mbale zotentha, mverani. Zanuzi n'zosiyana: sanakupatseni malo ena, anakunyozani.

Munachita bwino kulipira. Amene amatuluka osalipira chifukwa cha mkwiyo amasandutsa nkhani ya ulemu kukhala ya ngongole, ndipo apolisi akabwera wofunsidwa amakhala iyeyo. Lisitilo lisungeni ndipo mulijambule lero, popeza inki ya mapepala amenewa imafufutika msanga. Pamenepo pali tsiku, nthawi, ndipo kawirikawiri dzina la amene anakuperekerani. Lembaninso mawu enieni amene ananenedwa mukadawakumbukira, ndipo bambo alembe awoawo payekha.

Kenako lemberani mwini lesitilanti kalata kapena imelo, osati kungoimba foni. Fotokozani mwachidule zimene zinachitika, nenani chimene mukufuna, kaya kupepesedwa kapena kubwezeredwa ndalama, ndipo pemphani kuti asunge zithunzi za makamera a tsikulo, chifukwa makina ambiri amafufuta okha pakapita masiku. Ngati lesitilantiyo ili ndi nthambi zambiri, tumizaninso ku likulu lake; kumeneko amaopa kuipitsa dzina kuposa manijala wa panthambi.

Akapanda kuyankha, njira zilipo ziwiri. Dandaulo la kusalandiridwa bwino ndi ndalama zanu lipite kwa Consumer Goods and Services Ombud, womva madandaulo a ogula, amene salipiritsa koma amayamba wafunsa ngati munadandaula kaye kwa wamalondayo. Nkhani ya tsankho ipite ku Equality Court, bwalo limene limapezeka kumakhoti a majisitireti. Kumeneko simulipira, simufunika loya, ndipo kalaliki wa bwalo amakuthandizani kulemba fomu. Bungwe la South African Human Rights Commission limalandiranso madandaulo otere, ndipo kukhala mlendo m'dziko muno sikukulandani ufulu wodandaula.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti inu mukangosonyeza kuti anakuchitirani mosiyana ndi makasitomala ena pa chimodzi mwa zifukwa zija, udindo wotsimikizira kuti silinali tsankho umagwera mwini lesitilanti. Bwalo likapeza kuti analakwa, lingathe kulamula kuti akupepeseni, akulipireni chipukuta misozi, komanso asiye mchitidwewo kwa amayi ena obwera ndi makanda.