Amene amasenza timu koma sagoletsa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu payunivesite. Iye ndi msungichuma wa kalabu ya ultimate frisbee (masewera amene matimu awiri amapikisana poponyerana chimbale chouluka), ndiye amapempha bwalo, amasonkhetsa ndalama za ulendo ndi kuphunzitsa atsopano kuponya chimbale, koma pa mpikisano nthawi zambiri amakhala panja. Kumapeto kwa chaka mphoto zonse zinapita kwa ogoletsa, iye osatchulidwa n'komwe, ndipo bambo ake amuuza kuti asiye "zachibwana" n'kulimbikira digiri. Akufunsa ngati nthawi yake yapita pachabe.

Makalata otere ndimalandira kawirikawiri, chimene chimasintha ndi dzina la masewera basi. Mwana wanga, musasiye kalabuyo, koma musiye kudikira kuti wina adzakumbukire kukuthokozani.

Ndiyambe ndi chowawa. Masewerawa sadzakudyetsani. Ngakhale ku America, kumene ana a sukulu ya Columbia High School ku New Jersey anawayambitsa mu 1968, ligi yolipira osewera inadzayamba mu 2012, ndipo ambiri mwa osewerawo amadalirabe ntchito zina. Pamenepa bambo anu sakunama. Pamene akulakwitsa ndi poganiza kuti chimene mukuphunzira kumeneko ndi kuponya chimbale. Zimanditopetsa kuona makolo akuletsa mwana chilichonse chimene sichilembedwa pamayeso, kenako patapita zaka ziwiri n'kumadandaula kuti olemba ntchito akufuna munthu amene anasenzapo udindo. Udindowo mwana akanautola kuti, ngati munamutsekera m'laibulale zaka zinayi?

Ultimate ndi masewera amene m'mipikisano yambiri mulibe woyimbira. Osewera asanu ndi awiri mbali iliyonse amaweruza okha zolakwa, ndipo akasiyana maganizo amaima n'kukambirana pabwalo pomwepo. Mfundo imeneyi amaitcha Spirit of the Game, ndipo m'mipikisano ina masewero akatha timu iliyonse imapatsa inzake malikisi pa zinthu zisanu, kuphatikizapo kudziwa malamulo, kuchita chilungamo ndi kulankhulana bwino. Makalabu ambiri a m'mayunivesite amayendetsedwanso ndi ophunzira okhaokha. Ndiye n'zochititsa manyazi kuti kalabu yonyadira ulemu wotere pabwalo iziiwala munthu amene anachititsa kuti bwalolo lipezeke. Ngakhale mphoto yotchuka ya Callahan, imene ophunzira a ku America akhala akuvoterana kuyambira 1996 poyang'ana luso, khalidwe ndi utsogoleri, imagwera akatswiri osewera. Wosunga malisiti alibe yake, pokhapokha kalabu yake itamukonzera.

Choncho pitani nayo nkhaniyi ku msonkhano wapachaka wa kalabu. Pemphani kuti pakhale mphoto ya ntchito za kunja kwa bwalo, yovoteredwa mwachinsinsi ndi mamembala onse, ndipo popereka azinena zimene munthuyo anachita: uyu ndiye anatsala ndi wovulala kuchipatala anzake atabwerera, uyu ndiye ankafika m'mamawa kudzayala zizindikiro za malire a bwalo. Kungoti "tikuthokoza onse amene anathandiza" n'chimodzimodzi kusathokoza aliyense. Nenani kuti iyambe chaka chamawa, kuti pasapezeke wonena kuti mukudzisokera chipewa nokha, ndipo onetsetsani kuti mlembi wailemba m'malamulo a kalabu, chifukwa komiti imasintha chaka ndi chaka ndipo lonjezo la pakamwa limachoka ndi amene amaliza maphunziro.

Koma ngakhale mphotoyo itabwera, siidzakulembetsani ntchito. Chimene chidzakuthandizeni ndi umboni. Tsegulani buku lanu la ndalama lero, muwerenge mamembala amene mumawasonkhetsa, maulendo amene mwakonza ndi ndalama zimene zadutsa m'manja mwanu. Pa CV, mawu oti "ndinali membala wa kalabu" sauza wolemba ntchito kanthu. Mawu oti munasunga chuma cha kalabu zaka ziwiri, munakonza bajeti ya maulendo ndipo mabuku anu atawunikidwa sipanasowe kanthu, amamupatsa funso loti akufunseni, ndipo inu mudzakhala ndi nkhani yeniyeni yoyankha, monga mmene munachitira tsiku limene galimoto inalephera kubwera masewero atatsala pang'ono kuyamba. Pemphaninso kalata ya umboni ku ofesi ya zamasewera musanachoke payunivesite, akadakudziwani nkhope. Ophunzira ambiri amakumbukira zimenezi atachoka kale, wowadziwa atasamuka.

Inunso ndili nanu mawu. Kalata yanu ikusonyeza kuti mukugwira ntchito za anthu atatu, ndipo simunatchulepo mmene mukukhozera m'kalasi, zimene zandidetsa nkhawa. Munthu wovomera chilichonse anzake amamuzolowera, ndipo amaleka kuona kuti zimene akuchitazo ndi ntchito. Sungani udindo wa msungichuma, umene uli ndi dzina komanso mabuku, ndipo za maulendo ndi za bwalo mupatse ena awiri, muwalembere ndondomeko yake papepala. Mukatero mukakhale pansi ndi bambo anu, zotsatira za mayeso m'dzanja limodzi, buku la kalabu m'dzanja linalo. Ngati malikisi atsika, chepetsani maola a kalabu mpaka akwerenso, pakuti chaka chachitatu si chaka chobwereza phunziro chifukwa cha chimbale.