Yankho: seva ikukana kuyaka magetsi atazima pakati pa apt upgrade

Achimwene, mwafotokoza kuti seva ya Ubuntu ya pa ofesi yanu ku Mchinji ikungolemba "kernel panic, unable to mount root fs" chizimireni magetsi pamene munali pakati pa apt upgrade, lamulo loikira mapulogalamu atsopano m'malo mwa akale. Musathamangire kufufuta diski, chifukwa kawirikawiri zimenezi zimachitika kernel (phata la Ubuntu loyendetsa makina) yatsopano italowa koma fayilo yake ya initramfs, imene imanyamula madalaivala owerengera diski, isanamalizike kupangidwa.

Poyatsa, dinani Esc, kapena gwirani Shift ngati makinawo ndi a BIOS yakale, kuti GRUB, menyu yosankhira kernel poyatsa, ioneke, ndipo pa Advanced options musankhe kernel yakale imene inkagwira ntchito bwino. Mukalowa, lembani sudo dpkg --configure -a kuti mapaketi amene anasiyidwa panjira amalizike, kenako sudo apt -f install.

Musanapitirire, yang'anani malo ndi df -h /boot. Ambiri amaiwala zimenezi, komatu gawo la /boot likadzaza ndi makernel akale, initramfs imalepherekanso ngakhale magetsi alipo. Likadzaza, sudo apt autoremove --purge imachotsa akale osafunika, koma yambani mwaona uname -r kuti mudziwe kernel imene mukuyendera, musakaichotse ndi manja anu. Pomaliza lembani sudo update-initramfs -c -k all ndi sudo update-grub.

Ine sindilola seva kuchita upgrade popanda UPS (batire yothandiza magetsi akazima), makamaka nthawi ya dzinja, ndipo ngati mukulowa pa SSH, njira yolowera mu seva muli patali, yambitsani ntchitoyo mkati mwa pulogalamu ya tmux kuti intaneti ikaduka ntchitoyo isaimire pakati.