Kusiya Ntchito ya mu Ofesi N'kuyamba Upulambala: Mafunso Anu, Mayankho Athu

Funso: Ndili ndi zaka 38 ndipo ntchito ya ukalaliki yanditopetsa. Mipopi ya kunyumba ikamadontha ndimakonza ndekha. Kodi sindinachedwe kukhala pulambala? Ndiyambire pati?

Yankho: Simunachedwe, bambo. Chofunika kuchiyeza ndi thupi lanu, osati zaka. Pulambala amagwada nthawi yaitali pansi pa sinki, amakwawa kudenga kotentha, amakumba ngalande ndi kunyamula mapaipi olemera. Ngati maondo kapena msana amakuvutani kale, dziweni zimenezi musanalembe kalata yosiya ntchito.

Kalatayo musafulumire nayo. Pezani pulambala wodziwa ntchito amene angalole kuti muziyenda naye pamasiku amene simupita ku ofesi, kwa miyezi ingapo. Mukaona chimbudzi chotsekeka chikusefukira n'kukhalabe ndi mtima wopitiriza, pamenepo lembetsani ku sukulu yophunzitsa ntchito zamanja. M'maiko ambiri maphunziro a m'kalasi pamodzi ndi ogwira ntchito pansi pa mmisiri amatenga zaka 3 kapena 4, ndipo pa nthawiyi malipiro amakhala ochepa, choncho sungiranitu ndalama. Funsaninso bungwe loyang'anira za madzi kumene mukukhala ngati pamafunika chiphaso kuti munthu alumikize nyumba ku paipi yaikulu ya madzi kapena ya zonyansa.

Kusintha wosha wa mpopi ndi chiyambi chabe. Luso lenileni ndi kuwerenga mapulani a nyumba ndi kudziwa chifukwa chimene madzi akuvutira. Mwachitsanzo, thanki ikakwezedwa mamita 10 imapereka mphamvu ya madzi pafupifupi 1 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankha madzi m'paipi). Ikakhala mamita 3 okha pamwamba pa shawa, mphamvuyo ndi 0.3 bar. Wosadziwa amasintha shawa kawiri katatu, pamene vuto lili pa kufupika kwa nsanja ya thanki.

Funso: Ndigule zida ziti poyamba? Ndalama zanga n'zochepa.

Yankho: Abobojani awiri, wina wogwirira paipi wina wopotokolera, chifukwa mukagwiritsa ntchito mmodzi yekha mumapotoza paipi yonse n'kumasula malumikizidwe ena amene ali m'khoma. Onjezani sipanala yosinthasintha, pulayazi, chodulira mapaipi, sowo ya zitsulo, levulo, tepi yoyezera, mphira wotsegulira masinki otsekeka, magulovu ndi magalasi oteteza maso. Makina odula mazinga pa mapaipi achitsulo ndi otenthetsera PPR (mapaipi apulasitiki olumikizidwa mochita kutenthetsa) angathe kubwerekedwa kufikira ntchito zitachuluka. Gulani zochepa koma zolimba. Bobojani wamano ofewa amaterereka, amawononga chitsulo ndipo amavulaza zala.

Funso: Ndine mayi amene ndangoyamba maphunzirowa nditasiya uphunzitsi. Ndimamanga mwamphamvu koma malumikizidwe anga amadonthabe. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mayi, mphamvu si imene imatseka madzi, ndipo nthawi zambiri ndi imene imang'ambitsa soketi, kachida kolumikizira mapaipi awiri. Mtundu uliwonse wa paipi uli ndi malamulo ake.

Pa malumikizidwe a mazinga, thiredi tepi (tepi yopyapyala yotseka madzi m'mazinga) imakulungidwa motsatira mbali imene mukamangire. Mukayang'ana kumapeto kwa paipi, ikulungeni monga mmene mivi ya wotchi imayendera, moikoka kuti ilowe m'mazinga. Mukaikulunga mobwerera, imavundukuka pamene mukumanga. Mukamanga, musabweze m'mbuyo pofuna kuwongola mpopi, chifukwa tepiyo siibwereranso m'malo mwake. Masulani, chotsani yakaleyo, kulungani ina. Pamene pali wosha wa mphira, monga pa mapaipi opindika a pansi pa sinki, tepi siifunika. Mangani ndi dzanja, kenako mungowonjezera pang'ono ndi sipanala, kuopa kuphwanya woshayo.

Pa mapaipi apulasitiki a PVC, dulani mowongoka, palani zotsalira m'mphepete, pukutani fumbi ndi madzi onse, pakani guluu mbali zonse ziwiri, lowetsani mpaka kumapeto mukupotoza pang'ono, ndipo gwirani kwa masekondi pafupifupi 30 kuti paipi isabwerere. Guluu ameneyu amasungunula pulasitiki kuti ziwirizo zikhale chimodzi, n'chifukwa chake pamalo ponyowa sagwira. Musatsegule madzi isanakwane nthawi yolembedwa pa chitini.

Pa PPR, makina azifika madigiri 260. Paipi ya 20 mm imafuna masekondi pafupifupi 5, ya 25 mm pafupifupi 7, ndipo polowetsa musapotoze. Ophunzira ambiri amatenthetsa mopitirira. Kunja kumaoneka bwino, koma mkati pulasitiki wosungunuka watseka njira, madzi n'kumatuluka ochepa. Dulani malumikizidwe anu oyeserera pakati kuti muone mkati mwake. Palibe njira ina yophunzirira mwachangu kuposa imeneyi.

Musalumikize kopa mwachindunji ndi paipi yachitsulo ya galvanised (yokutidwa ndi zinki). Zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi, chachitsulocho chimadyeka msanga. Ndipo paipi iliyonse yokwiriridwa pansi kapena m'khoma iyesedwe kaye: tsekani potulukira ponse, dzazani madzi, tulutsani mpweya, ikani geji yoyezera mphamvu ya madzi, muone ngati mphamvu ikutsika. Kudontha kumene kwapezeka matailosi ataikidwa kale kumadya phindu lonse la ntchitoyo, n'kuipitsanso mbiri yanu.

Funso: Ndamva kuti mapaipi a madzi oipa ndi amene amagwetsa ongoyamba kumene. Chovuta n'chiyani? Nanga pali zoopsa zotani?

Yankho: Madzi oipa alibe mphamvu yowakankha, amayenda ndi kutsetsereka basi. Paipi ya chimbudzi ya 110 mm kawirikawiri imatsika pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikakhala yosatsetsereka mokwanira, kapena ikabwama pakati chifukwa dothi la pansi pake silinatsindiridwe, zonyansa zimaima pamenepo. Gwiritsani ntchito levulo ndi chingwe, osati diso lokha, ndipo siyani potsegulira pamene paipi ikukhota.

Fungo la m'bafa limachokera nthawi zambiri ku thirapu, kapaipi kopindika kamene kamasunga madzi akuya pafupifupi 50 mm kapena kuposerapo kuti mpweya woipa usabwerere m'nyumba. Pakapanda paipi yopumira yotulukira pamwamba pa denga, madzi othamanga a m'chimbudzi amayamwa madzi a mu thirapu. Mukamva sinki ikulira kuti khololo wina akagujumula, yang'anani kumeneko.

Zoopsa zazikulu ndi ziwiri, ndipo tikupemphani kuti muzitenge mozama. Musalowe mu sepitiki thanki kapena m'dzenje lakuya la zonyansa popanda zida zoyezera mpweya ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Mumakhala mpweya wa hydrogen sulphide umene umakomola munthu mwadzidzidzi, ndipo ukachuluka mphuno imaleka kuumva. Ofuna kupulumutsa mnzawo nawonso amagwera momwemo.

China ndi giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi. Zimitsani magetsi musanatulutse madzi, ndipo musayatse isanadzaze, apo ayi elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwake, ipsa. Madzi osungidwa azitentha madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella, toyambitsa matenda a m'mapapo, tisaswane. Valavu yotulutsira mphamvu ikamadontha, pezani chifukwa chake kapena isintheni, koma musaitseke ndi chotsekera ngakhale mwini nyumba atakukakamizani, chifukwa thermostat (kachida kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira) ikafa, giza yotsekedwa chotero imaphulika. Za mawaya zisiyireni wodziwa zamagetsi kufikira mutaziphunzira ndi kuloledwa kuzigwira.