Tifunseni: Lamba wachikopa akauma gwa

Funso: Akonzi, ndili ndi chikwama chachikopa chomwe chakhala m'kabati zaka zingapo osagwiritsidwa ntchito. Lamba wake wauma gwa ngati khungwa la mtengo, moti ndikuopa kumupinda. Mnzanga akuti ndimuviike m'mafuta ophikira usiku wonse. Nditero?

Yankho: Ayi, musatero, ndipo mwachita bwino kusamupinda. Mkati mwa chikopa muli timinyewa tambirimbiri tolukanalukana. Ofufuta zikopa amalowetsamo mafuta kuti timinyewa timeneti tizitererana chikopa chikamapindika. Dzuwa, kutentha, thukuta komanso kunyowa n'kuumanso zimachotsa mafuta aja pang'onopang'ono, timinyewa n'kumatirirana. Mukapinda lamba ali choncho timaduka, ndipo zikatero palibe mafuta amene angatilumikizenso.

Yambani ndi kumuyang'ana pamalo owala. Onetsetsani m'mabowo, pamene lamba amapindikira pa kachitsulo komangira, ndi m'mphepete mwa msoko. Timing'alu ta pamwamba pokha, tooneka ngati makwinya, sitiletsa ntchito. Koma mng'alu wolowa mpaka pakati pa chikopa ukutanthauza kuti pamenepo mphamvu zinatha.

Ngati ali bwino, chotsani fumbi ndi burashi yofewa, ndipo m'misoko mupitemo ndi mswachi wakale. Kenako nyowetsani kansalu ka thonje m'madzi ofunda pang'ono, finyani kwambiri, mukhudzitse pa sopo wa zikopa (amalembapo kuti saddle soap) n'kupukuta lamba mbali zonse ziwiri. Thovu lichepe. Tsukani kansalu kaja, mufinyenso, muchotse sopo yense. Sopo wotsala ndi woipa chifukwa chikopa chili ndi kaasidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi: nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) imakhala cha pa 4.5 mpaka 5.5, pamene sopo wamba amafika pa 9 kapena 10. Akakhalitsamo amaumitsa chikopa chomwe mukufuna kufewetsacho. Sopo waufa wochapira ndi mankhwala oyeretsera zovala asayandikire n'komwe.

Pano ndi pamene ambiri amaphonya. Musadikire kuti lamba aumiretu. Musiyeni pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri, mpaka mtundu wake utayamba kubwerera koma mukamukhudzitsa patsaya akumveka zii. Kachinyezi kotsalako kamamasula timinyewa, ndiye madzi akamachoka mafuta amalowa m'malo mwake mofanana. Chikopa chouma kotheratu chimamwa mafuta mwaphuma pamalo amodzi n'kusiya mawanga akuda.

Mafuta ake ndi ochepa modabwitsa. Lamba wotalika mita imodzi, mulifupi masentimita atatu, amakwana ndi theka la supuni ya tiyi, mamililita awiri kapena atatu, pa ulendo umodzi. Donthezani pa kansalu, osati pa chikopa, ndipo pakani mozunguliza. Kunsi kwa lamba, mbali yaubweyaubweya ija, kumamwa msanga kuposa pamwamba, choncho kumeneko dzanja lipepuke. Musaiwale m'mphepete ndi m'mabowo. Mugonekeni chotambalala kwa maola 24, pukutani zotsala pamwamba, kenako muyese kumukulunga mozungulira botolo lalikulu. Akakana, pakaninso kamodzi n'kudikira tsiku lina. Mawa lake mumukulunge pa chinthu chocheperako, monga mpini. Maulendo awiri kapena atatu amakwana. Lamba amene sanasinthe pambuyo pa ulendo wachitatu sasinthanso pa wachisanu, angonona basi.

Za kuviika: chikopa chokhuta mafuta chimakhala lende, chimatanuka, mabowo amakula, ndipo chimadetsa malaya. Mafuta ophikira amaonjezera vuto lina, chifukwa pakapita miyezi amawonongeka ndi mpweya, amayamba kununkha ndi kumata, ndipo makoswe amawakonda.

Funso: Nanga mafuta oyenera ndi ati? M'masitolo muli mayina ambiri, ndasokonezeka.

Yankho: Odziwika kwambiri pa malamba ndi neatsfoot oil, omwe amatengedwa ku mafupa a miyendo ndi mapazi a ng'ombe. Amalowa mkati bwino ndipo sagwirana msanga kukazizira. Werengani botolo: olembedwa kuti pure ndi enieniwo, pamene olembedwa kuti compound asakanizidwa ndi mafuta ena, kawirikawiri ochokera ku petulo. Ife timakonda oyambawo. Lanolin, mafuta ochokera ku ubweya wa nkhosa, amafewetsa bwino popanda kudetsa kwambiri. Dubbin ndi phala la mafuta olimba a nyama osakaniza ndi mafuta amadzimadzi, nthawi zina ndi phula; ndi wabwino pa malamba ogwira ntchito panja chifukwa amatchingako madzi, koma amachotsa kuwala.

Mafuta onsewa amadetsako chikopa, ena kwambiri. Yesani kaye kumapeto kobisika, mudikire tsiku, muone ngati mtunduwo mungaupirire.

Oyilo wa galimoto, girisi ndi palafini zisiyeni ku galaja. Vaseline amanyezimiritsa pamwamba ndi kukola fumbi koma mkati mumatsala momwemo. Polishi wa nsapato ndi phula ndi utoto, sadyetsa chikopa.

Amene akufuna kudzipangira phala lopaka chikopa: magalamu 20 a phula la njuchi ndi magalamu 80 a neatsfoot. Ikani m'kachitini, kachitiniko mukaike m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, poti phula limagwira moto. Limasungunuka likafika cha pa 63°C. Takasani, thirani m'kabotolo kokhala ndi kukamwa kwakukulu, kazizire. Likalimba kwambiri sungunulaninso n'kuonjezera mafuta pang'ono. Koma pa lamba wouma kwambiri yambani ndi mafuta okha. Phala ili libwere pomaliza, chifukwa phula likatsogola limatseka njira ya mafuta.

Funso: Ndapaka mafuta pa lamba wa kamera koma angokhala pamwamba, masiku atatu tsopano. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mwina simunalakwitse kapakidwe, koma chikopa chanucho n'chokutidwa. Donthezani dontho la madzi pamwamba pake. Likalowa m'mphindi imodzi kapena ziwiri n'kusiya banga lakuda, mafuta alowanso. Likangokhala ngati mkanda, pamwambapo pali utoto ndi kapulasitiki kopyapyala. Pukutani mafuta aja, mupake ochepa kunsi ngati kuli kosakutidwa, kapena mugwiritse ntchito kirimu wa zikopa wamadzimadzi.

Yang'ananinso pamene lamba anadulidwa. Mkati mukaoneka motuwira mopita ku buluu, chikopacho chinafufutidwa ndi mchere wa chrome, njira imene inayamba kufala cha m'ma 1880 ndipo lero ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito pa zikopa zambiri. Chotere sichifuna mafuta ochuluka. Mkati mukakhala mofiirira ngati tiyi wamkaka, chinafufutidwa ndi makungwa a mitengo, ndipo ndi chimene chimamva ludzu. Mukaona nsalu kapena zinthu zonga katoni zomatidwa, ndipo pamwamba pakusupuka ngati chikhungwa cha anyezi, chimenecho si chikopa chathunthu ndipo mafuta sachithandiza. Suede ndi nubuck, zikopa zaubweya wofewa pamwamba, musazipake mafuta. Ubweyawo umagona n'kuda mpaka kalekale.

Funso: Malamba anga atuluka zoyera mbuu. Ndi nkhungu?

Yankho: Zitha kukhala nkhungu, zitha kukhala mafuta olimba amene atuluka pamwamba chifukwa cha kuzizira. Kuti musiyanitse, fundikirani pamalopo ndi chala kwa kanthawi kapena pemererani mpweya wofunda pang'ono. Zikasungunuka n'kuzimirira, ndi mafuta, ingopukutani ndi nsalu youma. Nkhungu sisungunuka, imamera m'timagulu tozungulira, ndipo fungo lake limadziwika.

Ya nkhungu muichotsere panja kuti fumbi lake lisafalikire m'nyumba. Sasani ndi burashi, kenako pukutani ndi kansalu konyowetsedwa m'viniga woyera wosakaniza ndi madzi mofanana, theka ndi theka. Aume pamthunzi podutsa mphepo, ndipo mafuta mupake pokhapokha ataumiratu. Apa lamulo la kachinyezi lija silikugwira ntchito, poti chinyezi ndi mafuta ndiye chakudya cha nkhungu. Imakonda malo amene chinyezi cha mumpweya chapitirira 65 peresenti, choncho musasunge zikopa m'mapepala apulasitiki. Thumba la nsalu ndi labwino.

Mchere wa thukuta nawo umasiya zoyera, koma umalemba mzere wokhotakhota m'mphepete mwa pamene pananyowa, ndipo umachoka ndi nsalu yonyowa.

Funso: Lamba wanga ananyowa ndi mvula, ndinamuyanika pafupi ndi moto, ndiye wakwinyika n'kulimba. Angabwerere?

Yankho: Pepani, ngati wafupika ndi kukwinyika, sabwerera. Chikopa chonyowa chikatentha kwambiri chimapsa ngati nyama. Chofufutidwa ndi makungwa chimayamba kukwinyika cha pa 70 mpaka 80°C, ndipo chakale chimatero ngakhale kutentha kusanafike pamenepo. Ngati wangouma osafupika, tsatirani njira ya mu yankho loyamba. Ulendo wina mupukuteni, mumugoneke chowongoka pamthunzi, kutali ndi moto.

Funso: Ndili ndi sutikesi yakalekale. Malamba ake ndikawagwira akusiya ufa wofiira m'manja. Mafuta ati angawalimbitse?

Yankho: Palibe. Amenewo ndi matenda a chikopa amene osamala mabuku akale amawatcha red rot. Amagwira zikopa zofufutidwa ndi makungwa: utsi wa sulfure wa mumpweya umasanduka asidi mkati mwa chikopa n'kudula timinyewa tija kwa zaka zambiri, mpaka chikopa kusanduka ufa. Mukapakapo mafuta kapena madzi chimada bii n'kuphwanyika. Akatswiri amapaka mankhwala otchedwa Klucel G osungunulidwa mu alcohol kuti ufa usamayoyoke, koma mphamvu sizibwerera. Ngati sutikesiyo ndi yongosunga, asiyeni malambawo momwemo ndipo musainyamulire pa iwo. Ngati ndi yoyendera, wosoka zikopa akudulireni ena, akale aja akhale poyezera.

Izi zikhudzanso lamba aliyense wonyamula munthu kapena katundu wolemera, monga malamba a chishalo cha hatchi. Mafuta amabisa ming'alu, lamba n'kumaoneka watsopano, chonsecho adzadukira pomwepo. Wotere akang'aluka pabowo kapena pa kachitsulo, ndi wosintha basi.

Funso: Pa kachitsulo ka mkuwa ka lamba wanga pakumera zobiriwira zonga phula. N'chiyani?

Yankho: Ndi mkuwa umene wakumana ndi mafuta a m'chikopa, ndipo zimachuluka mafuta akachuluka. Palani ndi kamtengo kosongoka, pukutani ndi kansalu kokhudzitsa pa spiriti, osadontheza pa chikopa, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Ngati kachitsuloko kamachoka, kachotseni musanapake mafuta. Kachitsulo kenikeni kochita dzimbiri n'koipa koposa: chitsulo chikakumana ndi chikopa chonyowa chofufutidwa ndi makungwa chimasiya banga lakuda losachoka, ndipo pamenepo chikopa chimafooka. Mukaona lamba wada mozungulira msomali wake, sinthani msomaliwo ndi wa mkuwa kapena wachitsulo chosachita dzimbiri.