Kodi a landilodi angandichotse m'nyumba pa nthawi ya mliri?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina yapulaiveti pa boma la Dedza. Chitsekereni sukulu pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha COVID-19, malipiro anga anaima, ndipo ndili ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu. A landilodi akuti ndikapanda kulipira mwezi uno adzazula chitseko, chonsecho ndili ndi ana awiri aang'ono ndipo kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Mlongo wanga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko boma linaletsa kuchotsa anthu m'nyumba. Kodi lamulo limenelo linganditeteze? Mayi wodandaula, Dedza.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazo. Mlongo wanu sananame. Dziko la South Africa litayamba m'bindikiro kumapeto kwa Marichi 2020, boma linaimitsa kuchotsa anthu m'nyumba, ndipo ku United States nako bungwe loona za matenda la CDC linalamula zofananazo mu Seputembala 2020, poona kuti banja lothamangitsidwa limakathinana ndi abale m'nyumba imodzi, momwe kachilombo kamafala msanga. Koma malamulowa anali a nthawi ya mliri ndipo ankathera m'malire a maiko awo, choncho simungawatchule m'khoti la ku Dedza. Dziwaninso kuti ngakhale kumeneko ngongole ya lendi sinafafanizidwe ayi. Anthu anangopatsidwa mpata wopuma, ndalama zikuwunjikanabe.

Izi sizikutanthauza kuti a landilodi angachite chilichonse chimene afuna. Mwini nyumba amene akufuna nyumba yake ayenera kupereka notisi, ndipo ngati simukugwirizana, woweruza nkhaniyo ndi khoti, osati nyundo ndi chozulira misomali. Kunena zoona, kuzula chitseko pa nyumba imene mukugona ana, ku Dedza kozizirako, ndi nkhanza zimene ngongole ya miyezi itatu singazilungamitse.

Komabe ndikupempheni kuti musawazembe. Eni nyumba ambiri a m'matauni athu si anthu olemera. Ena ndi amayi amasiye amene amadya lendi yomweyo, ndipo chimene chimawakwiyitsa kwambiri ndi munthu wosayankha foni. Pitani mukakhale nawo pansi pamaso pa amfumu kapena mkulu wa mpingo, muwaonetse kalata ya kuntchito yotsimikiza kuti malipiro anaima, ndipo muwauze ndalama imene mungakwanitse mwezi uliwonse, ngakhale ikhale yochepa. Zimene mwagwirizana zilembedwe, nonse musainire, mboni isainirenso. Polipira, landirani lisiti, kapena tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni wanu.

Akakana zonsezi n'kupitiriza kuopseza, pitani ku khoti la majisitireti kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Popita mutenge pangano la nyumba ngati lilipo, malisiti onse akale, ndi kalata ya kuntchito ija.