Malungo, BP ndi chifuwa: tiyankhe mafunso anu

Mafunso ambiri omwe mwatumiza ulendo uno ndi okhudza mawu a matenda, ndiye ndatolapo angapo.

Bambo wina wa ku Salima akufunsa kuti, kodi timati "mwana akudwala malungo" kapena "akudwala ndi malungo"? Nanga malungo ndi kutentha thupi si chinthu chimodzi?

Bambo, "ndi" ameneyo mchotseni. Timati akudwala malungo, akudwala chibayo, akudwala khunyu, basi, kapena munene kuti malungo amugwira. Koma funso lanu lachiwirilo ndi lomwe ine limandikhudza kwambiri. Makolo athu thupi likangotentha, m'mafupa mukuphwanya, munthu akuzizidwa dzuwa lili phwee, ankangoti malungo, ndipo mpaka lero ambirife timayankhula choncho. Kuchipatala malungo ndi nthenda imodzi yokha, yobwera ndi tizirombo ta Plasmodium tomwe udzudzu waukazi wa Anopheles umasiya m'thupi ukaluma munthu. Tiziromboti timayamba takhala kaye m'chiwindi, kenako timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumaswana mmenemo mpaka maselowo kuphulika, ndiye pophulikapo mpamene munthu amanjenjemera mano gwegwede, kenako thupi kutentha ngati moto, kenako thukuta kamukamu. N'chifukwa chakenso mwana wodwaladwala malungo amachepa magazi komanso kapamba amatupa, poti kapambayo ndi amene amasefa maselo owonongekawo.

Kutentha thupi kokha ndi chizindikiro chabe, kumabweranso ndi chibayo, taifodi, khutu lotuluka mafinya ngakhale matenda a m'chikhodzodzo. Ndiye mukafika kwa adokotala ndi mwana nenani kuti "thupi likutentha kuyambira dzana, akusanza, sakuyamwa", iwo amubaye chala ayeze, osati inu kufika mwagamula kale kuti ndi malungo ndipatseni LA. Ana ena afika mochedwa ndi chibayo chifukwa kunyumba aliyense ankati ndi malungo basi.

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg akuti, "BP wakwera" kapena "BP yakwera"? Komanso akuti mawu oti kuthamanga kwa magazi amawasokoneza.

Mayi, timati BP yakwera, yatsika, koma shuga wakwera, watsika. Musafunefune lamulo lakuya apa, mawu obwereka amalowa m'gulu lomwe pakamwa pa eni chiyankhulo pawayika, shuga analowa gulu la fodya ndi chule pomwe BP inalowa gulu la nyumba ndi wayilesi.

Za kuthamanga kwa magazi mukunena zoona. Mawuwa anakhazikika kale, pawayilesi ndi kuchipatala komwe amatero, sindingati ndi olakwika ayi, koma amapereka chithunzi china. Magazi sakhala akuchita liwiro. Chomwe chimakwera ndi mphamvu yomwe magazi akukankhira nayo makoma a mitsempha, makamaka mitsemphayo ikauma kapena kuchepa njira, ngati mmene madzi amapanikizikira mukafinya paipi kumapeto. Ikamangopezeka pa 140/90 kapena kuposa apo poyeza kangapo ndiye amati yakwera. Vuto n'lakuti munthu akamva zoti kuthamanga amadikira kuti amve mtima ukugunda kwambiri kapena mutu ukupweteka, akaona kuti palibe chomwe akumva amasiya mankhwala, pomwe nthendayi nthawi zambiri siyimveka n'komwe, imangowononga mtima, impso ndi maso mwakachetechete mpaka tsiku lina munthu kudzuka pakamwa papindika, mkono ndi mwendo mbali imodzi zafa, mawu sakutuluka bwino. Imeneyo ndiye sitiroko, yomwe ena amati kufa ziwalo. Ine polemba ndimakonda kungoti "BP yokwera" chifukwa aliyense wamoyo BP ali nayo, nkhani ndi yoti yakwera kapena ayi.

Mphunzitsi wina wa ku Dedza akuti ana asukulu amasokoneza chifuwa, chibayo ndi mphumu.

Aphunzitsi, chifuwa ndi malo a pathupi komanso ndi kutsokomola komwe, "ndili ndi chifuwa" palibe amene angamve molakwika. Chifuwa chachikulu ndi TB, kutsokomola kopitirira masabata awiri, kuwonda, thukuta la usiku, nthawi zina makhololo a magazi. Chibayo dzina lake likuchokera ku kubaya, ululu wa m'nthiti uja munthu akamakoka mpweya, ndipo chimachitika timatumba ta mpweya ta m'mapapo tikadzaza madzi ndi mafinya, mwana amapuma mofulumira nthiti zikulowa mkati. Mphumu ndi ina, njira za mpweya zimatupa n'kufinyika, munthu amabanika kupuma kukumveka tswii, imabwera n'kupita ndipo siyopatsirana.

Lomaliza ndi la mtsikana wina wa ku Chipata, akuti agogo ake amati "pamtima pakuwotcha" koma akuloza pamwamba pa mimba. Agogo sakulakwitsa Chichewa, kwathu kuno pamtima pamafika mpaka pamenepo, ndipo kawirikawiri amakhala asidi wa m'mimba amene wakwera kummero kapena zilonda za m'mimba. Koma mukapita nawo kuchipatala muwauze aloze ndi dzanja pomwe pakupwetekapo, anenenso ngati ululuwo umabwera akadya kapena akamakwera chitunda, chifukwa wobwera pokwera chitunda, wolemera pachifuwa n'kumafika kumkono wamanzere, umenewo ungakhale wa mtima weniweniwo ndipo sufunika kugona nawo.