Kodi Kalembera ndi DNA Zingandionetse Kumene Makolo Anga Anachokera?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Mchinji. Agogo anga aakazi asanamwalire ankanena kuti amayi awo anachokera kutsidya kwa malire, cha ku Chipata. Kodi mabuku a kalembera kapena kuyezetsa DNA zingatsimikizire zimenezi?

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kusunga mawu a agogo. Chilandirireni ufulu, kalembera wa anthu wachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, koma ofesi yoona za kalembera ya National Statistical Office ku Zomba imafalitsa ziwerengero zokha, chifukwa zimene banja lililonse linayankha zimasungidwa mwachinsinsi. Choncho dzina la agogo simulipeza kumeneko.

Mabuku a ubatizo ndi a maukwati m'mipingo yakale, monga ku Kachebere, angakuthandizeni kwambiri, pakuti amalemba makolo ndi mudzi wa munthu. Mukapita ku National Archives ku Zomba, kumene amasunga zolemba zakale za dziko lino, kumbukirani kuti m'nthawi ya atsamunda boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning.

Poyeza DNA amatenga malovu m'kabotolo. Pali mtundu wina, wotchedwa mtDNA, umene mwana amalandira kwa mayi yekha, ndipo umatsata mzere wa kuchikazi monga mmene mbumba ya Achewa imayendera. Komabe sungatchule mudzi kapena mfunda, ndiponso sungalekanitse Mchewa wa ku Mchinji ndi wa ku Chipata, popeza malire anadutsa pakati pa anthu apachibale.

Ine ndikupemphani kuti muyambire kwa amalume ndi anyakwawa, mutatenga kope ndi cholembera, muwafunse mfunda, mayina a midzi ndi kumene kuli manda akale.